Mamota Awiri, Batire Limodzi

Madzulo a pa 9 October 2014, pabwalo la ndege laling'ono la Hawthorne ku California, Elon Musk, mkulu wa kampani ya Tesla, anaulula chimene anakhala akukopa nacho anthu mitima kwa masiku angapo. Kufikira tsiku limenelo, galimoto yamagetsi ya Tesla Model S inali ndi mota imodzi yokha, kumbuyo, yozunguza matayala akumbuyo. Tsopano anali ataikamo ina kutsogolo, n'kumata chilembo D kumbuyo kwa galimotoyo kuti aliyense wobwera m'mbuyo adziwe kuti muli mamota awiri. Yapamwamba pa zonse, P85D, inkanyamuka pamene yaima n'kufika pa liwiro la makilomita pafupifupi 100 pa ola m'masekondi 3.2. Posakhalitsa pa intaneti panadzaza mavidiyo a anthu okwezedwa m'galimotoyo akukuwa, mitu itakanikizika kumpando.

Ku Norway nkhaniyi inagwa m'makutu otseguka kale. Boma la kumeneko linali litachotsa misonkho ikuluikulu pa galimoto zamagetsi, moti Model S, galimoto yodula imene kwina konse inali ya anthu ochepa, inafika potsogola pa malonda a galimoto zatsopano m'dzikomo mu September 2013 ndiponso mu March 2014. Komanso ndi dziko la mapiri, lozizira, limene misewu imaterera miyezi ingapo pachaka, ndiye galimoto yokoka ndi matayala onse anayi si ya matama chabe. Anthu ambiri anaitanitsa P85D. Pamalonda panalembedwa kuti mphamvu zake ndi horsepower 700.

Ena mwa ogulawo anali anthu okonda kuyeza zinthu. Anakakweza galimoto zawo pa makina oyezera mphamvu, aja amene matayala amathamanga pa zigubu zozungulira galimoto ili malo amodzi, ndipo nambala imene inkatuluka sinkayandikira n'komwe 700. Atafunsafunsa, zinadziwika mmene nambalayo inapezekera. Mota yakutsogolo payokha inali ya horsepower 221, yakumbuyo 470. Kuphatikiza ziwirizi mumapeza 691, imene m'kawerengedwe ka ku Ulaya imakwera kufika cha pa 700. Samuyo inali yolondola. Vuto linali lakuti mamota onse awiriwo ankayamwa magetsi m'batire limodzi, ndipo batirelo linali ndi malire a magetsi amene likanatha kutulutsa nthawi imodzi. Mu 2015 JB Straubel, amene anali mkulu woona za luso la makina ku Tesla, analemba yekha kufotokoza kuti mphamvu za mamota zikaphatikizidwa zimatha kuposa zimene batire lingapereke. Pambuyo pake kampaniyo inayamba kulemba nambala ina, yogwirizana ndi batire, ndipo ku Norway nambalayo inali 469.

Eni galimoto anakadandaula ku bungwe loona za ogula. Mu 2016 komiti yoweruza mikangano ya ogula ndi ogulitsa inagamula kuti odandaula apatsidwe makrona 50,000 aliyense. Tesla inakana, ikunena kuti galimotoyo imathamanga monga mmene analonjezera. Anthu 126 anatengera nkhaniyo kukhoti la ku Oslo, ndipo mu December 2016, mlandu utatsala pang'ono kuyamba, mbali ziwirizo zinamvana kunja kwa khoti: makrona 65,000 kwa aliyense, kapena zina zowonjezera pa galimoto m'malo mwa ndalama.

Ine ndimaona kuti anthuwo anali ndi chifukwa chomveka chodandaulira. Wogula akawerenga 700 samayembekezera kuti amuuza pambuyo pake kuti imeneyo inali samu ya pa pepala. Komabe nambala imene anaimenyera nkhondo inali yosafunika kwenikweni pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Ndani amagwiritsa ntchito horsepower 469 popita kuntchito? Panali nambala ina imene inkawakhudza paulendo uliwonse wautali, ndipo imeneyo palibe amene anawabisira. Inalembedwa poyera.

Galimoto zitatu, zonse za batire la 85 kWh, zinayezedwa ndi bungwe la boma la America loona za chilengedwe, EPA. Model S 85 ya mota imodzi inapatsidwa makilomita 426 pa kutchaja kamodzi. Ya 85D, ya mamota awiri ang'onoang'ono, inapatsidwa 435. P85D, yodula kuposa zonsezi, inapatsidwa 407. Amene analipira ndalama zambiri ndi amene anapeza mtunda waufupi, ndipo pa izi panalibe woti n'kumusumira.

Taonaninso nambala yapakatiyo. Galimoto ya mamota awiri, yolemera kuposa inzake, inapita patali kuposa ya mota imodzi. Apa m'pamene anthu ambiri amasokonezekera mpaka lero, chifukwa wina amauza mnzake kuti mamota awiri amadya batire, winanso n'kuloza 85D ngati umboni wakuti ayi, amapulumutsa batire. Onse akunena zoona pang'ono. Kuwerenga mamota pakokha sikukuuzani kanthu ngati simunafunse kuti ndi mamota a mtundu wanji, ndipo imene sikugwira ntchito ikutani pamene inzake ikukoka.

Mamota ofala m'galimoto zamagetsi ndi a mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi umene Nikola Tesla anaulembetsa mu 1888, wotchedwa induction, ndipo ndi womwewo umene uli pachigayo chamagetsi. M'kati mwake mulibe maginito. Muli mawaya a mkuwa okulungidwa kuzungulira, ndi chitsulo chozungulira pakati, chimene chimasanduka maginito pokhapokha magetsi akalowa m'mawayawo. Magetsi akathima pachigayo, mumamva mota ija ikupitiriza kuzungulira yokha, phokoso likutsika pang'onopang'ono, popanda choigwira kupatula mabering'i ndi lamba. Mota yotere m'galimoto mutha kuithimitsa galimoto ikuyenda, iyo n'kumangozungulira ndi matayala osadya chilichonse chodandaulitsa. Kuipa kwake n'kwakuti ikamagwira ntchito, gawo lina la magetsi limathera kutenthetsa chitsulo chapakati chija.

Mamota onse awiri a 85D anali a mtundu umenewu. Mainjiniya anakonza kuti kompyuta ya galimoto izisankha kuti pa liwiro lakutilakuti ndi mota iti imene ikoke mosawononga magetsi. Kumayambiriro kwa 2015 anatumizanso pulogalamu yatsopano yogoneka mota imodzi galimoto ikakhala pamsewu waukulu. Makilomita 9 owonjezera aja anachokera pamenepo. P85D nayo inali ndi mota yaing'ono yomweyo kutsogolo, koma kumbuyo inasenza chimota chachikulu chopangidwira liwiro, ndipo ambiri ankaigula ndi malimu a mainchesi 21.

Mtundu wachiwiri uli ndi maginito enieni m'kati, amphamvu kwambiri, opangidwa ndi chitsulo chosowa chotchedwa neodymium. Mota imeneyi sitaya magetsi popanga maginito, choncho ikamakoka imapita patali ndi magetsi ochepa, makamaka m'tauni. Umboni wake unaoneka mu April 2019, pamene Tesla inachotsa mota ya induction yakutsogolo mu Model S n'kuikamo ya maginito. Batire linali lomwelo la 100 kWh, koma mtunda wa EPA unakwera kuchoka pa makilomita 539 kufika pa 595. Anakonzanso tina ndi tina, monga mabering'i ndi matayala, koma chachikulu chinali motayo.

Koma maginito sathimitsika. Amene anakwerapo njinga ya dayinamo akudziwa zimene zimachitika kadayinamo kaja kakagunda tayala: kupalasa kumalemera nthawi yomweyo, ndipo ukakazunguza ndi chala umamva kakugwiragwira, ngakhale babu atapsa. Mota ya maginito imene yangolumikizidwa ku matayala osagwira ntchito imachita chimodzimodzi. Imakoka galimoto m'mbuyo pang'ono, mphindi iliyonse, ulendo wonse, ndipo liwiro likakwera kukokako kumakulanso. N'chifukwa chake Tesla Model 3 ndi Volkswagen ID.4 za mamota awiri zimasakaniza mitundu: ya maginito kumbuyo yogwira ntchito nthawi zonse, ya induction kutsogolo yodzuka pokhapokha ikafunika. A Hyundai ndi a Kia anasankha njira ina. Mamota awo onse ndi a maginito, koma kutsogolo anaikako kachipangizo konga kilatchi kamene kamalekanitsa motayo ndi matayala ikakhala kuti sikufunika.

Munthu angaganize kuti ndi nzeru zonsezi vuto linatha. Silinathe. Mota yogona imakhalabe ndi thupi. Pamodzi ndi magiya ake, mashafuti ndi bokosi lake loyendetsa magetsi, imawonjezera makilogalamu oposa 100 pa galimoto ngati Kia EV6, ndipo katundu ameneyu amakwera nanu phiri lililonse. Komanso siigona nthawi zonse: ponyamuka pa maloboti, popitirira lole, pokwera chitunda, imadzuka. Mu 2022 Hyundai Ioniq 5 ya batire la 77.4 kWh inapatsidwa makilomita 488 ikakhala ya mota imodzi, ndi 412 ikakhala ya mamota awiri, kilatchi ija ilipo.

Chitsanzo chimene ndimafuna kuti wogula aliyense achione asanasaine pepala ndi cha Hyundai Ioniq 6 ya 2023. Galimoto imodzi, thupi limodzi, batire lomwelo la 77.4 kWh, koma nambala za EPA zinayi. Ya mota imodzi pa malimu a mainchesi 18 inapatsidwa makilomita 581. Ya mamota awiri pa malimu omwewo, 509. Ya mota imodzi koma pa malimu a mainchesi 20, 491. Ya mamota awiri pa malimu a mainchesi 20, 435. Werenganinso bwino: malimu akuluakulu okha anadya mtunda wochuluka kuposa mota yachiwiri. Tayala lalikulu m'lifupi limagwira msewu kwambiri, limalemera, ndipo malimu okongola a mipata ikuluikulu amasokoneza mphepo. Kuyambira pa yotchipa kufika pa yodula, makilomita 146 anasowa, kotala yathunthu ya mtunda.

Ndipo zinthu ziwirizi kawirikawiri zimabwera pamodzi. Kampani zimakonza mitengo yake ngati makwerero: pansi pali mota imodzi ndi malimu ang'ono, pamwamba pali mamota awiri, malimu akulu, mipando yachikopa ndi denga lagalasi. Nambala imene imalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pachikwangwani ndi ya galimoto ya pansi pa makwerero, ndi timawu takuti "mpaka" patsogolo pake. Galimoto imene amaiimika pakati pa sitolo, magetsi akuiwalira, ndi ya pamwamba.

Tiyerekeze mayi wina wa kwathu amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain, woyenda nyumba ndi nyumba tsiku lonse, ndipo kumapeto kwa sabata amakaona ana ake mumzinda wina wakutali. Wapita kukasankha galimoto ndi mlongo wake, amene amadziwika pabanja kuti ndiye wodziwa za magalimoto. Mayiyo waloza ya mota imodzi. Mlongoyo wagwedeza mutu.

"Achemwali, kungowonjezera pang'ono pamwezi mukutenga ya mamota awiri. Ina ikafa, ina ikufikitsani."

"Nanga mtunda wake, achimwene?"

"Batire ndi lomweli. Si mwaona pachikwangwani paja?"

Palibe amene wanama mwadala apa. Batire ndi lomwelodi, ndipo chikwangwani chilipodi. Koma pepala la nambala zonse lili m'kabuku kali pa tebulo, tsamba la kumapeto, m'tizilembo ting'onoting'ono, ndipo palibe amene walitsegula. Mayiyo adzadziwa kusiyana kwake mu January, usiku, pamsewu waukulu, hita ikuyaka, nambala ya makilomita otsala ikutsika mofulumira kuposa zikwangwani za m'mbali mwa msewu, ndipo ulendo umene ankauwerengera kuti ndi wosaima usanduka woima theka la ola pa malo otchajira pamene magetsi ake ndi odula kuposa a kunyumba. Zakuti mota ina ikafa ina idzakufikitsani, musazidalire kwambiri: mamota awiriwo amadalira batire limodzi ndi makompyuta amodzi, ndipo zambiri zimene zimaimitsa galimoto yamagetsi panjira zimaimitsa onse awiri.

Kuzizira ndi liwiro zimachotsa gawo lawo pa galimoto iliyonse, ya mota imodzi kapena inayi. Mphepo imene galimoto imalimbana nayo pa liwiro la makilomita 120 pa ola ndi yamphamvu pafupifupi kawiri kuposa ya pa 90. Bungwe la oyendetsa galimoto la ku Norway, NAF, limatenga galimoto zamagetsi zambiri kawiri pachaka n'kuziyendetsa kuchoka ku Oslo kulowera kumpoto mpaka iliyonse itaima yokha m'mbali mwa msewu. Pa mayeso a nyengo yozizira a 2020, galimoto 20 zinataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mtunda wolembedwa pa pepala. Amene wayamba kale ndi 435 m'malo mwa 581 ndiye amamva kuwawa msanga.

Kumtunda kwenikweni kwa makwerero zinthu zimafika poseketsa. Kia EV6 ya mota imodzi inapatsidwa makilomita 499. EV6 GT, ya horsepower 576, pa batire lomwelo, inapatsidwa 332. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre kudzera pa Zalewa ndi makilomita pafupifupi 310. Pa pepala ingafike, koma sindingakwere nawo. GMC Hummer yamagetsi yoyamba inali ndi mamota atatu ndipo inkalemera matani oposa 4. Kuti ifike makilomita 530 anachita kuisenzetsa batire loposa 200 kWh, limene kulemera kwake kokha kumafanana ndi kagalimoto kakang'ono kathunthu. Rivian R1T yoyamba inali ndi mamota anayi, tayala lililonse yakeyake, chinthu chabwino zedi m'matope ndi m'miyala. Kuti ipulumutse batire pamsewu wa tala, anaipatsa batani lolekanitsa mamota awiri akumbuyo, n'kusiya akutsogolo okha akukoka lole yolemera matani 3. Eni ake ena amene ankasiya batanilo lili loyatsa nthawi zonse anadandaula kuti matayala akutsogolo akutha msanga. Rivian itatulutsa ya mamota awiri, mtunda unakwera kuchoka pa makilomita 505 kufika pa 566.

Sindikunena kuti mota yachiwiri ndi yachabechabe. Amene amakhala kumapiri a Norway kapena Scotland, amene msewu wa kwawo umasanduka phala mvula ikagwa, amene amakoka ngolo ya katundu, ali ndi chifukwa chenicheni, ndipo makilomita 70 otayika ndi mtengo woyenera kulipira kuti usagone m'matope. Mamota awiri amathandizanso kubweza magetsi ochulukirapo m'batire potsika phiri, ngakhale phindu lake si lalikulu monga ogulitsa amanenera. Amene ndikumudera nkhawa ndi uja woyenda pa tala chaka chonse, amene wagula mota yachiwiri chifukwa inabwera pamodzi ndi mipando yachikopa. Opanga galimoto enieniwo akudziwa kumene mtunda uli. Polestar 2 ya 2024 anaisintha: mota imodzi ija anaichotsa kutsogolo n'kuika yatsopano kumbuyo, batire analikulitsa pang'ono, ndipo mtunda unakwera kuchoka pa makilomita 435 kufika pa 515. Ya mamota awiri anaipatsa njira yolekanitsira mota yakutsogolo.

Pali msampha wina kwa ife amene galimoto zathu zambiri timagula zogwiritsidwapo kale ntchito, pa intaneti, kuchokera ku Japan, ku Britain, ndipo masiku ano ku China. Nambala za mtunda sizichokera pa muyezo umodzi. Za EPA zimene ndagwiritsa ntchito pano ndi zoumira, zoyandikira zimene dalaivala amaona. Za WLTP, za ku Ulaya, zimakhala zokwererapo. Za CLTC ya ku China ndi JC08 yakale ya ku Japan ndi zowolowa manja kwambiri, chifukwa mayeso ake amachitika pa liwiro lotsika. Galimoto ya mamota awiri yolembedwa nambala ya CLTC itha kuoneka yopita patali kuposa ya mota imodzi yolembedwa ya EPA, pamene zoona zake ndi zosiyana. Wogulitsa wa pa intaneti nayenso nthawi zambiri amangokopera nambala yaikulu ya dzina la galimotoyo, osasamala kuti imene ili pa chithunzi ndi ya pamakwerero ati. Zilembo za kumbuyo, monga AWD, Dual Motor, 4MATIC, xDrive, GTX kapena e-4ORCE, ndizo zimaulula kuti muli mamota awiri, ndipo kukula kwa malimu kumalembedwa m'mbali mwa tayala, nambala yotsatira chilembo R. Pamwamba pa zonsezo batire la zaka zisanu silisunganso magetsi amene linkasunga lili latsopano, ndiye nambala iliyonse ya m'kabuku iyenera kutsitsidwanso.

Galimoto ikafika ndi malimu a mainchesi 20 n'kupezeka kuti mtunda ukuperewera, pali pothawira: malimu ang'ono amagulidwa, bola akwane pa mabuleki, ndipo pa misewu ya maenje tayala la mnofu wambiri limapirira kuposa lopyapyala. Pa mtundu wa GT ndi ina yothamanga, mabuleki amakhala aakulu moti malimu ang'ono salowa. Mota yakutsogolo ndiye palibe makaniko amene angakuchotsereni, chifukwa kompyuta ya galimoto imaiyembekezera nthawi iliyonse mukayatsa, ndipo ikapanda kuipeza galimotoyo sinyamuka.